Chibadwire mlongo wake, mwana wanga wasintha, ndipo ine ndamumenya mbama

Sabata yatha ndinalandira imelo imene ndakhala ndikuibwereza kuwerenga. Mayi amene anailemba anandilola kuti ndiyankhire pano, bola ndisawatchule dzina. Ali ndi mwana wamwamuna wa zaka ziwiri ndi miyezi 7, komanso khanda lalikazi la miyezi inayi. Chibadwire khandalo, mnyamatayo si uja ankamudziwa. Anali atasiya thewera masana, koma wayambiranso kudzikodzera. Mayi akamayamwitsa, iye amakakamira kukwera pamiyendo, mwinanso kukoka khandalo mwendo. Akamukaniza kanthu amadzigwetsa pansi n'kulira mpaka mawu kusasa. Kalatayo inatha chonchi:

"Tsiku lina usiku anathira dala madzi pabedi nditangogoneka mwana. Ndinamumenya mbama. Sanalire pompo, anangondiyang'ana ngati sakundidziwa. Ena akuti ndinamusasatitsa, ena akuti m'mera mpoyamba, ndimukhaulitse panopa asanaume mutu. Ine ndikungoona kuti ndamuwononga mwana wanga. Nditani?"

Mayi mnzanga, simunamuwononge. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa khanda likhoza kudzuka musanafike kumapeto, ndiye ngati muwerenge chiganizo chimodzi chokha, chikhale chimenechi. Sindikunena kuti mbamayo inali bwino. Inu nomwe mukudziwa kuti sinali bwino, n'chifukwa chake tulo sitikubwera. Koma mwana sawonongeka ndi usiku umodzi, makamaka ngati mayi wake ndi munthu woti mtima ukumupweteka mpaka kulemba kalata ngati yanuyi.

Tiyeni tiyambe taima pamene mnyamatayo waima. Kuyambira tsiku limene anabadwa, miyendo yanu inali yake, manja anu anali ake, akalira munkatembenuka. Iye sankadziwa kuti zimenezi zikhoza kugawidwa. Kenako munachoka masiku angapo, n'kubwera mutanyamula munthu wina, ndipo aliyense wobwera pakhomo amafikira kwa mlendoyo. Akaona bwinobwino, akupeza kuti mlendoyo akalira amanyamulidwa, akadzikodzera amasambitsidwa mwachikondi n'kumaimbiridwa nyimbo. Nanga mwana wa nzeru zake angaphunzirepo chiyani pamenepa? Akuphunzira kuti wolira ndi wodzikodzera ndiye amene amapeza amayi. Kubwerera m'mbuyo kumene mukukuonaku kumachitika kwa ana ambiri akapondedwa, ndipo kawirikawiri kumatha kokha mwanayo akatsimikiza kuti malo ake akadalipo.

Mawu amene andigwira kwambiri m'kalata yanu ndi akuti "dala". Inde, anathira madziwo akudziwa kuti akuthira. Koma dala wa mwana wa zaka ziwiri ndi wosiyana ndi dala wa munthu wamkulu. Kuti munthu akonze zoti akupwetekeni mtima, ayenera kutha kuganizira zimene zili m'mutu mwanu: kuti mwatopa, kuti mwavutika kugoneka khanda, kuti bedi lonyowa likusowetsani pogona. Luso loona zinthu mmene munthu wina akuzionera limayamba kukhazikika mwana akamafika zaka zinayi. Wanuyu zimene ankadziwa n'zakuti amayi akhala nthawi yaitali maso ali pa khanda, ndipo madzi akatayika amayi amatembenuka. Anatembenukadi. Kwa mwana wamng'ono, kukalipiridwa kumaposa kusaonedwa n'komwe.

Palinso nkhani ya ubongo. Mbali imene imathandiza munthu kudziletsa, kudikira ndi kudzikhazika mtima pansi ili kutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndipo imakhwima mochedwa kwambiri, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Pa zaka ziwiri imakhala ikungoyamba kumene. Mawu nawonso amakhala ochepa: mwana wa msinkhu umenewu akungophunzira kulumikiza mawu awiri kapena atatu, pamene zimene akumva mumtima n'zazikulu kuposa mawu onse amene ali nawo. Sangathe kunena kuti "ndikuopa kuti simukundifunanso". Ndiye thupi limamunenera: miyendo imapalasa pansi, mutu umagunda khoma. Anthu amati ndi liuma kapena mwano. Ine nditaona ana anga atatu akudutsa pamenepa, ndimati ndi mwana amene katundu wamulemera ndipo sakudziwa potula.

Woyamba wanga anali ndi zaka zitatu pamene mng'ono wake anabadwa. Tsiku lina analuma khandalo chala. Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, ndipo iye anathawa. Nditatonthoza khanda ndinamupeza kuseri kwa chitseko, atagona pansi pomwepo, misozi itaumira kumaso. Usiku umenewo ndinaganiza ndendende zimene mukuganiza inuzi. M'mawa ndinagwada kuti maso athu alingane, n'kumuuza kuti, "Dzulo amayi anakuwa kwambiri, unaopa. Pepa mwanawe. Kuluma mwana n'kosaloledwa, koma amayi samayenera kukuopseza choncho." Anakhala chete kanthawi akuseweretsa batani la malaya anga, kenako anafunsa kuti, "Mwanayu apita liti kwawo?" Apa m'pamene ndinadziwa kuti masabata onsewo iye ankadikira kuti mlendo atsanzike, ndipo palibe amene anamufotokozera kuti kwawo kwa mwanayo ndi komwe kuno, komanso kuti ngakhale zili choncho iye sakuchotsedwa.

Kubwerera kwa mwana pambuyo pomulakwira ndi chinthu chimene ndikufuna mugwiritsitse, ndipo si maganizo anga okha. Mu 1975, katswiri wa kakulidwe ka ana wa ku America, Edward Tronick, ndi anzake anaonetsa kafukufuku amene anatchuka ndi dzina lakuti Still Face. Mayi amasewera ndi khanda lake, kenako amauzidwa kuti aumitse nkhope kwa mphindi zochepa, osaseka, osayankha. Khandalo limayesa zonse: limamwetulira, limatambasula manja, limakuwa, kenako limayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Ambiri akaonera amathera pomwepo, n'kumva chisoni. Koma mbali yofunika ndi yotsatira: mayi uja akabwezeretsa nkhope yake n'kuyamba kulilankhula, khandalo limakhazikika ndipo masewera amayambiranso. Pa kafukufuku wina wa pambuyo pake, Tronick anapeza kuti ngakhale pakati pa mayi ndi khanda amene ali bwinobwino, nthawi imene amakhala akumvana ndendende ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu. Nthawi yotsalayo amakhala akuphonyana n'kumapezananso. Mwana amaphunzira kukhulupirira munthu kudzera m'kupezananso kumeneko. Dokotala wa ana wa ku Britain, Donald Winnicott, ankanenanso kuti mwana safunika mayi wosalakwitsa, amafunika mayi wochita mokwanira.

Ndikudziwa kuti alipo amene angakuuzeni kuti kupepesa mwana n'kudzitsitsa, ndipo adzakukwerani pamutu. Ine sindinaone zimenezo. Chimene ndinaona n'chakuti mwana amene wapepesedwapo amadziwa mmene kupepesa kumamvekera, ndipo tsiku lina amadzanena yekha "pepani" wochokera pansi pa mtima, osati wochita kumufinya. Onaninso kuti popepesa sindinachotse lamulo. Kuluma kunakhalabe kosaloledwa. Chimene ndinapepesa ndi mmene ndinachitira ineyo.

Kwa amene akuti mumukhaulitse: akunena zoona kuti m'mera mpoyamba, koma funso n'lakuti mukudzala chiyani. Mbama imaletsa mwana pa mphindi imeneyo chifukwa cha mantha, koma simuphunzitsa chochita ulendo wina mtima ukadzamuwawanso. Chimene amatolapo n'chakuti wamkulu akakwiya amamenya wamng'ono, ndipo m'nyumba mwanumo wamng'ono kwa iye ndi khanda lija. Mu 2018 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza makolo kuti asamamenye ana kapena kuwanyoza powalanga, chifukwa umboni unaonetsa kuti khalidwe silisintha kwa nthawi yaitali, ndipo ana omenyedwa kawirikawiri amakhala aukali kwambiri akamakula. Dziko la Sweden linaletsa kumenya ana ngakhale pakhomo kuyambira mu 1979, ndipo mayiko ambiri atsatira. Kusamenya sikutanthauza kulekerera. Akakoka khanda mwendo, mugwireni dzanja nthawi yomweyo, mwamphamvu koma osamupweteka, n'kunena mawu ochepa: "Ayi. Mwana akumva kuwawa." Muchotseni pamenepo. Akadzigwetsa pansi, onetsetsani kuti sadzivulaza, khalani pafupi, ndipo musamulalikire, chifukwa pa nthawi imeneyo makutu amakhala atatsekeka. Kulira kukayamba kutsika n'kusanduka kusisima, m'pamene mungati, "Wakwiya eti? Umafuna amayi akunyamule." Mudzadabwa mmene thupi lake lidzafewere akamva kuti wina watchula chimene chikumuvuta. Koma chimene munakaniza chikhalebe chokanizidwa. Mukagonja chifukwa walira kwambiri, mawa adzalira kuposa pamenepo.

Chimene chinathandiza kwambiri kwathu chinali chaching'ono moti poyamba ndinkachiderera. Tsiku lililonse ndinkapatula mphindi 10 kapena 15 za iye yekha, khanda lili m'tulo kapena lili ndi bambo ake, foni ili kutali. Iye ndiye ankasankha chosewera, ine n'kumangotsatira, osamuphunzitsa kanthu, osamukonza. Nthawiyo inali ndi dzina lake, ndipo sinkalandidwa ngakhale tsiku limene wavuta. Patapita masabata angapo kukoka khanda kunachepa.

China ndi mawu. Timakonda kunena kuti "iwe ndiwe wamkulu tsopano, usamalire ngati mwana". Koma zaka ziwiri ndi miyezi 7 ndi mwana ndithu, ndipo iye akamva kuti ukulu ndiwo wamulanda miyendo ya amayi, ukuluwo saufuna. Muloleni nthawi zina akhale khanda: mumufungatire, mumuimbire. Ndiponso tsiku lonse amamva "dikira kaye, ndikuyamwitsa". Yesani kuti amvenso mukuuza khandalo mokweza kuti, "Dikira kaye nawe, ndikuwaveka nsapato achimwene ako." Khanda silimva kanthu, koma mnyamatayo amva zonse. Za kudzikodzera, musamuchititse manyazi. Msintheni mwakachetechete, ndipo ngati pafunika kubwerera ku thewera kwa kanthawi, palibe chimene chatayika.

Yang'ananinso tulo take, chifukwa khanda likabwera ndandanda ya wamkulu ndiyo imayamba kusokonekera. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) a mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa zaka zitatu mpaka zinayi maola 10 mpaka 13. Amatinso azithamangathamanga ndi kusewera mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi akuonera foni kapena TV. Sindikukuweruzani ngati foni ndiyo yakhala ikukugwirirani mwana pamene mukuyamwitsa, nanenso ndinachitapo. Koma mukaona kuti kulusa kwambiri kumabwera pomulanda foni, kapena madzulo pamene sanagone masana ndipo ali ndi njala, mwapeza pogwira. Ngati akumva kuwawa pokodza, akutentha thupi, akumwa madzi kwambiri n'kumakodza pafupipafupi, kapena akalira amabanika mpaka kukomoka, pitani naye kuchipatala akamuone.

Tsopano za inuyo, mayi. M'kalata yonse simunatchule kuti mumagona maola angati, kapena kuti ndani amakulandirani ana. Dzanja lija silinauluke chifukwa ndinu munthu woipa. Linauluka chifukwa mwatha miyezi inayi mukudzuka usiku, ndipo munthu wosagona amapsa mtima msanga, kaya akhale wofatsa bwanji. Ngati bambo a anawa alipo, kapena wina aliyense amene mumamudalira, musamangoti "ndatopa". Apatseni ntchito yodziwika: kusambitsa ndi kugoneka mnyamatayo tsiku lililonse, kapena kutenga khanda m'mamawa kuti inu mugoneko ola limodzi losadukiza. Mukamva kuti moto ukukwera, ikani khanda pamalo otetezeka chagada, tulukani m'chipindamo, mupume mokoka mpweya mpaka manja asiye kunjenjemera. Khanda kulira mphindi zochepa lili pabwino si ngozi. Ngozi ndi kuligwedeza mwaukali, chifukwa kumeneko kukhoza kuvulaza ubongo wake mpaka kupha.

Ndikufunseninso mosabisa: kodi mumalira masiku ambiri? Kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zinasiya kukoma, kapena mumalephera kugona ngakhale ana onse ali m'tulo? Kodi maganizo akuti ndinu mayi wolephera amakubwererani tsiku ndi tsiku? WHO imati amayi pafupifupi 13 pa 100 alionse amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo nthawi zina kumaonekera mu ukali m'malo mwa misozi. Ndi matenda ochizika. Ngati zimenezi zapitirira masabata awiri, kauzeni namwino kapena dokotala monga mmene mwandiuzira ine, ndipo ngati mukuganiza zodzivulaza kapena kuvulaza ana, musadikire kuti kuche.

Mwina mukuganiza kuti papita masiku, aiwala, n'kuyambiranji nkhaniyo. Ine ndikuti muiyambebe. Madzulo ano khanda likagona, khalani naye pabedi lomwe lija, mumuuze mwachidule kuti tsiku lija munamumenya, zinamupweteka, ndipo mwapepesa. Mumuuzenso kuti mlongo wakeyo sapita kulikonse, ndipo iyenso sapita kulikonse. Akhoza kukukumbatirani, akhozanso kungofunsa za chidole chake ngati sanamve. Zonsezo zili bwino. Mudzandilemberenso pakatha mwezi, mundiuze mmene mnyamatayo alili, komanso amene mwamupeza woti azikulandirani ana kuti mugoneko.