Apilo si kuyambiranso mlandu

Mayi wina wandilembera kuti bwalo la Industrial Relations Court, loweruza milandu ya pantchito, lakana dandaulo lawo loti anachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, ndiye akufunsa ngati angakafotokozenso nkhani yonse ku High Court. Mayi, funso lanuli landilasa mtima chifukwa achimwene anga anadutsa momwemu.

Iwo anali mlonda pa kampani ina. Usiku wina kunasowa matumba a simenti, kutacha anangopatsidwa kalata pageti. Kubwalo abwana anabwera ndi buku la alonda komanso pepala lonena kuti anawaitana kukayankhapo. Achimwene anabwera ndi pakamwa pokha, ndipo bwalo linakhulupirira mapepala. Madzulo ake anakhala pakhonde, chigamulo chili pabondo, n'kumati, "Ndikawauza akuluakuluwo kuti sindinabe." Zinandiwawa kuwauza kuti akuluakulu a ku High Court safunsanso zimenezo.

Gawo 65 la Labour Relations Act ya 1996 limati chigamulo cha Industrial Relations Court n'chomaliza. Apilo imaloledwa pokhapokha pali funso la malamulo kapena la mphamvu za bwalo, ndipo pasanathe masiku 30. Zoti simenti anaba ndani zimathera pomwepo. High Court imamva zina: kodi gawo 57 la Employment Act ya 2000, loti munthu asachotsedwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, linatanthauziridwa bwino? Kodi udindo wopereka chifukwa unasenzetsedwa bwana monga likunenera gawo 61?

Kugawa ntchito kotereku ine sindikutsutsa, milandu iyenera kutha. Chimene ndikukana ndi masiku 30. Munthu wakhala miyezi osalandira malipiro, kwawo ndi ku Chitipa, mlandu unali ku Mzuzu, apeze ya thiransipoti, apezenso wina womuwerengera chigamulo cha m'Chingerezi, zonsezo m'mwezi umodzi? Kampani ili ndi loya wake wongoimbira foni. Ndipo malire a funso la malamulo ndi nkhani ya umboni, ngakhale maloya amakanganirana. Mabungwe a anthu apantchito nawonso ali kuti? Amayenera kumaphunzitsa anthu kusunga kalata iliyonse, ngakhale ya chenjezo, chifukwa mlandu umapindulidwa kubwalo loyamba.

Nanga inu mutani?

Onani tsiku limene lili pachigamulo, muwerenge masiku otsala. Tengani chigamulo cholembedwacho mupite nacho ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, sabata inoyi, mukafunse chinthu chimodzi: muli funso la malamulo mmenemu? Akati mulibe, musawonongerepo ndalama zanu.