Kwa achemwali a ku Ulongwe: pateni ya katoni ayi

Achemwali, mwafunsa za chofunda cha zigamba chija chokhala ndi mapiko anayi ozungulira ngati fani, kuti pateni yodulira muipeze kuti komanso nsalu ilowa yochuluka bwanji. Ndaona wina wakuuzani kuti muitanitse ya pulasitiki yolimba ku Johannesburg pamodzi ndi kampeni kozungulira. Zabwino ndithu, koma kampeniko kakabuntha, mudzakagula kuti kena pa Ulongwe? Sizasi yakuthwa ikukwanirani.

Chimene ndikuletsani ndi chimodzi: musadule pateni pa katoni. Kugulu lathu la amayi kutchalitchi tinasoka chofunda choti tikapereke pa ukwati, pateni inali imodzi ya katoni ya sopo, ikuyenda nyumba ndi nyumba. Aliyense podula sizasi imanyambitako pang'ono m'mphepete, makona n'kumafumbutuka. Tsiku lolumikiza, zigamba za amene anayamba zinali zazikulu, za amene anamaliza zinachepa pafupifupi theka la sentimita. Mungaone ngati n'zochepa, koma pamzere wa mabuloko asanu ndi awiri (buloko ndi fani mmodzi wathunthu) kusiyanako kumakula, nsonga za mapiko osakumana pakati, china uku china uko. Tinakhala pansi kumasula misoko ndi lezala, ena mpaka kukwiyitsana. Katoni ayi, achemwali. Dulani mbali yosalala ya chigubu cha mafuta ophikira, kapena chikuto cha pulasitiki cha fayilo. Ndipo musadulire papateni penipeni. Jambulani ndi pensulo kuseri kwa nsalu (pa yakuda kachidutswa ka sopo wouma kamalemba bwino), chotsani pateni, kenako dulani.

Komanso musavutike kudula tinsalu ta makona atatu kamodzikamodzi. Mbali yaitali ija imatamuka chifukwa yadulidwa mopingasa ulusi, mukangoikoka pamakina yapindika basi. Pateni yanu ikhale sikweya ya masentimita 12.5. Tengani sikweya yowala ndi yakuda, ziyang'anane kumaso, lembani mzere kuchokera kona ina kukafika inzake, sokani mbali zonse ziwiri za mzerewo motalikira mamilimita 6, ndiye mudule pamzerepo. Mukatambasula mwapeza tizigamba tiwiri, tili ndi mitundu iwiri kale. Tisiteni, tisadzeni tifanane pa masentimita 11.2. Tinayi totere ndi buloko imodzi ya masentimita 20 ikatha. Musanasoke tiyaleni kaye pamphasa muone ngati mapiko onse akuzungulira mbali imodzi, chifukwa kutembenuza kamodzi kokha fani uja wasanduka chinthu china.

Pakati pa buloko pamakumana misoko isanu ndi itatu, pamakhala kachulu. Apa mpamene masingano amathyokera. Misoko yonse muisitire mbali imodzi mozungulira, ndipo mukafika pamenepo yendetsani gudumu ndi dzanja. Posita muzingodinda simbi, osaikhwekhwereza. Ngati ndi ya makala, yalani kansalu pamwamba, phulusa lingakudetsereni zoyera.

Za kuchuluka kwa nsalu: chofunda cha masentimita 140 kwa 200 chimadya mabuloko 70, kutanthauza masikweya 280, theka owala theka akuda. Makapulana (zitenje) atatu angakwane kumaso kwake, kumbuyo ndi kwina. Otsika mtengo amayenda cha m'ma 200 kapena 300 metikali, zimatengera msika ndi pakamwa panu. Koma ine ndingati yambani mwazungulira matelala a mumsika, zotsalira amakupatsani jumbo yodzaza pa ndalama yochepa, ena amangoti tengani. Yogula ikhale yowalayo yokha, ya mtundu umodzi yopanda maluwa, chifukwa kapulana ndi kapulana zonse zamaluwa akuluakulu, mapiko saonekanso.

Zonse muchape kaye, mtundu uliwonse m'beseni lakelake, makamaka zofiira ndi zabuluu. Zimachucha utoto ndiponso zimabwerera. Zakaunjika zimathandiza ngati ndi malaya a thonje, koma masikipa ndi zoterera zija zisiyeni, sizigwirizana ndi kapulana pamsoko.

Amene anena kuti muike siponji mkati, kaya anachapapo chofunda chotere m'mwezi wa Juni? Kuno ku Angónia, ndi mawawa aja, chimatha masiku chili chinyontho. Ikani bulangete lakale lopyapyala, mulimange ndi ulusi wokhuthala pakati pa fani aliyense kuti lisasunthe. Ngati mukusokera wachibale wa mu mzinda wa Tete kapena ku Moatize, bulangetelo musaike n'komwe, ndi kutentha kuja nsalu yakumbuyo yokha yakwana.

Sokani buloko imodzi yokha kaye, muijambule muitumize muno tione pakati pake musanadule nsalu yonse.