Makilomita 30 wapansi tsiku limodzi: n'zotheka, koma werengani maola kaye

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wina amene akufuna kuyenda wapansi makilomita 30 tsiku limodzi, iyeyo ndi mnzake, kudutsa m'midzi, m'minda ndi m'zitunda zingapo. Akuti mtunda wautali umene anayendapo ndi makilomita 10. Akufunsa ngati akwanitse, nthawi yoti anyamuke, ndi zoti aike m'chikwama. Kumapeto kwa kalatayo wanena monyadira kuti wagula nsapato zatsopano zoti adzazivale koyamba tsikulo. Mawu amenewo ndi amene andidetsa nkhawa kuposa mtundawo.

Mukwanitsa, bola ngati muli ndi thanzi labwino ndipo mwadzipatsa masabata 6 mpaka 8 okonzekera. Paulendo wotere mtima ndi mapapo sizivuta kwenikweni. Chimene chimayamba kugonja ndi khungu la kuphazi, kenako maondo. Pa makilomita 30 phazi lililonse limaponda pansi maulendo pafupifupi 20,000, ndiye kanthu kamene simukamva pa makilomita 10, kaya ndi msoko wa sokosi kaya kamchenga, kamakhala katapanga chilonda masana asanakwane. Sabata iliyonse yendani ulendo umodzi wautali, kuyambira makilomita 12, kenako 15, 18, mpaka 22, mutavala nsapato ndi sokosi zomwezo, chikwama chili kumsana ndi katundu wake yense. Ulendo wa 22 uchitike kutatsala masabata awiri. Sabata yomaliza muzingoyenda pang'ono kuti miyendo ipume.

Tsopano nkhani ya nthawi. Mu 1892, William Naismith, katswiri wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe kamene anthu oyenda maulendo amagwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kawerengedweka n'ka munthu wamphamvu, woyenda m'njira yabwino, wosaima. Inuyo werengerani makilomita 4 pa ola, chifukwa njira zakumidzi zimakhala ndi mchenga, miyala, matope ndi mphambano zofunika kufunsa. Zikatero makilomita 30 akudyerani maola 7 ndi theka. Ngati zitunda zonse pamodzi zikukwana mamita 600, onjezani ola. Onjezaninso ola ndi theka lopuma ndi kudya. Onse pamodzi ndi maola 10. Mukanyamuka 5:30 m'mawa mukafika cha m'ma 3:30 masana, ndipo mwatsala ndi mpata woti china chikalakwika mdima usakupezeni. Mukanyamuka 8 koloko, mpata umenewo mwautaya musanaponde n'komwe panjira.

Musananyamuke gwirizanani ndi mnzanuyo chinthu chimodzi: pofika 11 koloko mukhale mutadutsa makilomita 15. Mukalephera, dulani ulendo. Yang'aniranitu pamapu malo awiri kapena atatu pamene njira yanu ikukumana ndi msewu wodutsa magalimoto, kuti mudzakhale ndi potulukira. Zimenezi zimafunika kugwirizana kunyumba, mitu ili bwino, chifukwa munthu akatopa amangokakamira kuti tatsala pang'ono. Musiyirenso munthu wina kunyumba njira yanu yonse ndi nthawi imene ayambe kukufunani mukapanda kuimba.

Tibwerere ku nsapato zija. Phazi limatupa mukayenda maola ambiri, choncho nsapato imene imakukwanani ndendende m'mawa idzakuthinani masana. Kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala mpata wonga m'lifupi mwa chala chachikulu cha kudzanja. Mpata umenewu ukasowa, potsetsereka zala zimagunda kutsogolo ndipo zikhadabo zimada, zina mpaka kuzuka pakapita masabata. Wengani zikhadabo kutatsala masiku awiri kapena atatu, osati m'mawa wa ulendo. Chidendene chisamakwere ndi kutsika m'nsapato. Chikatero mangani zingwe mpaka pabowo lomaliza, ndipo muzikhwimitsanso musanayambe kutsika chitunda chachitali.

Matuza amabwera khungu likamakhuzika mobwerezabwereza, makamaka likanyowa ndi kutentha. N'chifukwa chake sokosi za thonje si zabwino: zimamwa thukuta n'kulisunga pakhungu pomwepo. Sankhani za ubweya kapena za nayiloni ndi poliyesita, ndipo tengani peyala yachiwiri yodzasintha pakati pa ulendo. Thuza silibwera mwakachetechete. Limayamba ndi kamalo kotentha, konyereza. Mukangomva zimenezo khalani pansi pomwepo, vulani, pukutani phazi liume, matanipo pulasitala yotambalala bwino popanda makwinya. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zisanu, koma ambiri amachita manyazi kuimitsa mnzawo, n'kumati ndikaona tikapuma, ndipo pofika popumirapo thuza limakhala litadzaza kale madzi. Thuza laling'ono losapweteka lisiyeni, ingoliphimbani. Lalikulu limene likukulepheretsani kuponda, tsukani malowo, boolani m'mbali ndi singano yoyera bwino, finyani madzi, koma khungu lapamwambalo musalichotse chifukwa ndilo likuteteza chilonda. Ngati muli ndi matenda a shuga musaboole nokha, ndipo za ulendo wonsewu kambiranani kaye ndi dokotala. Pakati pa ntchafu ndi m'khwapa pakani Vaseline musananyamuke.

Madzi werengerani theka la lita pa ola, ndipo kukatentha kwambiri muwonjezere. Pa maola 10 ndi malita 5, kutanthauza makilogalamu 5, omwe ndi katundu wolemera kunyamula nthawi imodzi. Nyamulani malita awiri kapena atatu, ndipo dziwiranitu malo odalirika okatungapo ena. Madzi amene simukuwadziwa thiranimo mapiritsi a kolorini n'kudikira mphindi zosachepera 30. Akakhala a matope, yambani mwawasefa pansalu, chifukwa kolorini sagwira bwino m'madzi akuda. Muzimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mkodzo ukamatuluka wochepa ndiponso wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi. Palinso vuto lina limene ambiri salidziwa: munthu akatuluka thukuta tsiku lonse n'kumangodzaza mimba ndi madzi okha osadya kanthu, mchere umachepa m'magazi. Mutu umapweteka, nseru imabwera, iye n'kumaganiza kuti ndi ludzu, n'kumamwabe. Tengani mapaketi awiri a ORS, ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi akumwa. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Za chakudya sindichulukitsa. Idyani bwino musananyamuke, kenako kanthu kochepa ola lililonse, musanamve njala. Chikhale chakudya chimene mimba yanu inachizolowera, chopatsa mphamvu, chokhala ndi kamchere, chosawonongeka ndi kutentha. Mukakhuta kwambiri masana miyendo imalemera.

Chikwama chonse chisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 70 anyamule osaposa 7, madzi ali momwemo. Muikemo chipewa chotambalala, chovala cha mvula, tochi ya kumutu ngakhale mukuyembekeza kufika kukuwala, pulasitala, bandeji, mankhwala ochepetsa ululu, wezulo, ndi mapu osindikiza papepala okulungidwa m'pulasitiki. Zolemera zikhale pafupi ndi msana. GPS ya pafoni imagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki, malinga mapu munawasunga kale m'fonimo. Chimene chimatha batire msanga ndi foni kumangosakasaka netiweki, ndiye ikani pa airplane mode, imene imaletsa foni kusaka netiweki, n'kumaichotsapo pokhapokha pakafunika.

Pofunsa njira, musafunse kuti kwatsala makilomita angati. Munthu amene amayenda njirayo tsiku ndi tsiku adzakuuzani kuti ndi pompano, ndipo sakunama, kwa iye ndi pompanodi. Funsani zimene mudutse: mlatho, sukulu, mtengo waukulu, mphambano. Mukafika pamene munthuyo ananena, funsaninso wina. M'minda tsatani njira, musadule pakati pa mbewu. Galu akakuuwani musathawe ndipo musamuyang'anitsitse m'maso. Imani, ndodo ikhale pakati pa inu ndi iye, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ng'ombe yokhala ndi mwana ilambalaleni patali. Pa udzu wautali gogodani pansi ndi ndodo. Wina akalumidwa ndi njoka musacheke, musayamwe, musamange chingwe chothina. Vulani mphete ndi chilichonse chothina, mwendo usagwedezeke, ndipo fulumirani naye kuchipatala momunyamula.

Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akakhala 30 kapena kucheperapo, tsikani pachitunda, chokani pabwalo ndi pansi pa mtengo umene uli wokha, lowani m'nyumba yolimba, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Mtsinje wothamanga umene madzi akufika m'maondo musauyese, makamaka ngati kumtunda kwagwa mvula. Wosaya muwoloke mutavala nsapato, mutamasula lamba wa chikwama, nkhope itayang'ana kumene madzi akuchokera.

Maola ovuta kwambiri chifukwa cha kutentha ndi kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko. Muziyang'anana nkhope. Chizungulire, nseru, kufooka ndi kukokana kwa minofu zikutanthauza kuti munthu akhale pamthunzi, amasule zovala, amwe ORS pang'onopang'ono. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kusokonezeka mutu, thupi lili lotentha kwambiri, ulendo wathera pomwepo. Muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, itanani thandizo nthawi yomweyo, ndipo ngati sakudziwa bwino zimene zikuchitika musamumwetse kanthu.