Kukadya ku Dar es Salaam: tsatirani mbale zopanda kanthu

Mayi wina wa ku Namwera andilembera pa imelo. Akuti mwezi wamawa akupita koyamba ku Dar es Salaam kukaoda nsalu ndi nsapato, ndipo anzawo omwe amapitapita awauza kuti anyamule ufa, usipa wouma ndi kapoto, azikadziphikira kumalo ogona chifukwa zakudya za kumeneko n'zosadziwika. Akufunsa kuti munthu wosadziwa tauniyo, wosalankhula Chiswahili, angapeze bwanji malo odyera otsika mtengo, a halali, osamutsegula m'mimba.

Achemwali, kapotoko kasiyeni ku Namwera. Ulendo wochoka kuno, kudzera ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka kukatsika pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, ndi wautali moti chikwama chilichonse chosafunikira mudzachida musanafike n'komwe. Komanso malo ogona ambiri a ku Kariakoo, dera lalikulu la malonda mu Dar es Salaam, ali m'nyumba zosanjikizana, ndipo sindikuona mwini wake akukulolani kusonkha mbaula m'chipinda.

Kariakoo ndi dera la anthu ogwira ntchito kuyambira m'bandakucha: onyamula mabelo, okankha ngolo, ogulitsa m'mashopu a mu msewu wa Congo, wa Msimbazi ndi wa Uhuru. Anthu onsewa amadya tsiku ndi tsiku, ndipo sadya kuhotela. Amadya kwa amayi ophika omwe kumeneko amawatcha mama ntilie kapena mama lishe. Vuto lake n'lakuti amayiwa alibe zikwangwani, ndipo mukakwera basi ya mwendokasi, yothamanga m'njira yakeyake, ija inayamba kuyenda mu 2016, mudzawadutsa osawaona. Amapezeka ndi miyendo.

Ine malo amene ndimawakonda ndinawapeza ndikuyenda wapansi kuchoka mu Msimbazi kulowera kunyanja. Nthawi ya nkhomaliro mudzaona atsikana atasanjikiza mbale zovindikira, akugawa m'mashopu kwa ogulitsa omwe sangasiye katundu wawo. Wonyamula mbale zodzaza musamutsatire, akupita kwa makasitomala. Tsatirani amene wanyamula mbale zopanda kanthu, chifukwa akubwerera komwe kuli moto. Ndinachita zomwezo, n'kulowa kanjira kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane popanda kupendekeka, n'kutulukira pabwalo lofoleredwa ndi lona, mabenchi awiri atali, masefuliya akuluakulu ali pamakala. Mayi wophikayo anali ataika makala ena pamwamba pa chivindikiro cha mpunga kuti upse mbali zonse. Mtsikana anabwera ndi jagi ndi beseni kudzandisambitsa m'manja ndisanatchule chimene ndikufuna.

Ndinaloza sefuliya ndi chala, basi. Anandipakulira mpunga wophika ndi madzi a kokonati, nyemba zotendera ndi kokonati yemweyo, bonongwe, yemwe iwo amati mchicha, ndi nsomba yokazinga yotchedwa kibua. Nyemba zija, achemwali, ndiye nkhani. Ife kuno timadziwa kutendera ndi nsinjiro, ndipo sindikunyoza, koma kokonati amachita zina: msuzi umakhala wokandapala, wotsekemera chapatali, ndipo ukalowa mumpunga simufunanso nyama. Ndinapempha kuti andiwonjezere, mayi uja n'kuseka, n'kundithiriranso osawonjezera mtengo. Dzina la malowo palibe loti ndikupatseni poti alibe, ndipo mabwalo otere alipo ambiri kuseri kwa mashopu. Mudzapeza anu.

Za nsomba ndinene zoona, poti ife a ku Mangochi pa nkhani imeneyi sitigonja msanga. Kibua si chambo. Mnofu wake ndi wouma, wakuda pang'ono, ndipo fungo la nyanja yamchere limamveka. Amene anakulira pa chambo cha m'nyanja ya Malombe kapena kampango wa ku Makawa tsiku loyamba amakwinya nkhope. Yesaninso kachiwiri, mutafinyirapo ndimu ndi tsabola, mudzamva kuti ili ndi kukoma kwakekwake. Usipa wanu ngati mukuufunabe, kumeneko kuli dagaa, tinsomba tonga usipa, ndipo sasowa.

Nsima iliko, amati ugali. Ndi yolimba kuposa yathu, ndipo saomola mitanda ingapo, amakupatsani chibumi chimodzi. Mukafuna ya ufa woyera nenani sembe, mukafuna yonga ya mgaiwa nenani dona. Koma ine ndinganene kuti musawononge masiku anu ochepawo kufunafuna nsima yonga ya kwanu. Siikakukwanani, ndipo mudzabwera mukudandaula za chinthu chomwe chikukudikirani kunyumba.

Tsono za m'mimba, zomwe ndikuona kuti ndiye mantha anu enieni. Chimene chimadwalitsa kawirikawiri si chakudya chachilendo, koma chozizira, chimene chakhalitsa, ndi madzi. Idyani pamene sefuliya ikutuluka nthunzi ndipo mabenchi ali odzaza, kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka 2 koloko masana. Ikamakwana 4 koloko zotsala zija zisiyeni. Kumbukirani kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiponso iwo amawerenga maola kuyambira 6 koloko m'mawa, choncho akakuuzani kuti chakudya chipsa saa saba, akunena 1 koloko masana, osati 7. Musanakhale pansi ponyani diso pamene akutsukira mbale. Ngati ndi chidebe chimodzi cha madzi akuda omwe akhala chiyambire m'mawa, pitirirani, kutsogolo kuli ena. Madzi akumwa gulani a m'botolo. Kachumbari, tomato ndi anyezi zosaphika zija, ndi wokoma koma masiku oyamba mumupewe, chimodzimodzinso madzi a nzimbe othira ayisi. Ludzu likakukolani gulani dafu, kokonati wanthete yemwe amamusema inu mukuona.

Za halali musade nkhawa kwambiri. Ku Kariakoo Asilamu ndi ambiri, mizikiti ili ponseponse, ndipo ophika ambiri ndi Asilamu anzanu. Nyama ya nkhumba amaitcha kitimoto, ndipo imagulitsidwa makamaka m'malo omwera mowa. Mukaona mawu amenewa pakhoma, dziwani kuti si panu. Lachisanu anthu akatuluka ku Juma malo ambiri amaphika biriani, mpunga wa nyama ndi zokometsera, ndipo imatha msanga. Mwezi wa Ramadhani ndi wina: masana amayi ambiri saphika, moto umayaka madzulo pokonza futari, chakudya chomasulira kusala.

M'mawa anthu amamwa supu wa ng'ombe ndi chapati, kapena tiyi ndi vitumbua. Musayembekeze zitumbuwa zathu za nthochi, izi ndi za ufa wa mpunga, zofewa mkati. Madzulo m'mbali mwa misewu mumadzaza okazinga chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, ndi owotcha mishkaki, nyama yotunga pa timitengo. Mtengo funsani musanadye, "bei gani?", kutanthauza "mtengo wanji?", ngakhale kwa mama ntilie sindinaonepo akumukwezera munthu chifukwa ndi mlendo. Mukapeza wophikayo ndi wamkulu kwa inu, yambani ndi moni waulemu wakuti "shikamoo", adzayankha "marahaba", ndipo mbale yanu idzasiyana ndi ya munthu amene wangofika n'kukhala. Inu a ku Namwera, ndi Chiyao chanu, mawu ambiri mudzawatola msanga kuposa mmene mukuganizira.

Chenjezo langa lili pa kayendedwe. Musapite kukasaka chakudya mutanyamula ndalama zonse zoodera kapena katundu amene mwagula. Kasiyeni kaye, foni ikhale m'chikwama chakutsogolo osati m'manja, chifukwa m'chipiringu muja ndi pa njinga zamoto pali akuba otsomphola. Tinjira takuseri lowani masana, pamene atsikana a mbale aja akuyenda, osati kutada. Tenganinso kakhadi ka malo amene mukugona, kolembedwa dzina la msewu, poti nyumba za ku Kariakoo zimafanana.

Mukamaliza kuoda tsiku lina lisanathe, kapena mukamadikira basi yobwerera, lawirirani m'mawa ku msika wa nsomba wa Kivukoni, pafupi ndi pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni. Mumagula nsomba kwa asodzi, n'kukapereka kwa okazinga chapafupi pomwepo. Kumeneko mudzaonanso pweza, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo 8, chomwe amachiwiritsa n'kumamwa msuzi wake. Chimenecho ndiye sindikukakamizani.