Ana akudzaza m'sikibe chiyambire Juni: kodi ndiziwabweza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, nesi wa pasukulu yogonera konko kufupi ndi Chipata. Akuti belu la m'mawa likangolira amapeza ana ali ndandanda pakhomo la sikibe, chipinda chosamaliramo ana odwala pasukulu: uyu mutu, uyu m'mimba, wina chala chimene anapunthwa nacho dzana. Akawafunditsa bulangete kwa ola limodzi, onse achira. "Panado akutha, inenso ndatopa. Ndiziwabweza?"

Amayi, kutopa kwanuko ndikukudziwa, ntchitoyi ndinaigwirapo. Koma musabweze mwana musanamuike themometa m'khwapa.

Temu yachiwiri, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imagwa m'kati mwenimweni mwa chisanu. Mwana wadzutsidwa kukali mdima, wasamba madzi a pampopi, juzi yake imodzi yomweyo anachapa dzulo sinaume, ndiye akakhale m'kalasi la mawindo opanda magalasi. Akati mutu ukuwawa sakunama kwenikweni. Amadziwa kuti akanena kuti wazizidwa, palibe mphunzitsi angamulole kutuluka. Ambiri mankhwala awo ndi tiyi wotentha ndi mphindi 15 padzuwa. Chimfine wamba chimabwera ndi kavairasi, choncho amoxicillin sathandiza, musawononge.

Chimene chimandiopsa ndi mwana mmodzi uja wobisala pakati pa anzake. Chaka china kamtsikana ka Giredi 8 kanabwera m'mawa katatu motsatizana, manja katapinda m'khwapa, kakulankhula motsitsa. Ndinakapatsa Panado n'kukauza kuti kaleke ulesi. Tsiku lachinayi anzake anachita kukanyamula pachitenje, kakunjenjemera, milomo ili gwa. Anali malungo. Kanachira, koma mpaka lero ndimachita manyazi. Udzudzu umachepa m'chisanu, koma malungo kuno kum'mawa satha, ndipo kuyeza magazi a pachala sikupitirira mphindi 20.

Thupi likafika madigiri 38, mwana akamapuma mofulumira kapena nthiti zikamalowa m'kati, khosi likauma, akamasanza chilichonse, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Wa mphumu mumuyang'anire kwambiri, mpweya wozizira umamutseka pachifuwa.

Ndiye pali mbaula. Ana oyendera kuchokera kunyumba akamadandaula mutu ndi chizungulire m'mawa uliwonse, afunseni ngati amagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mutu wa m'mawawo ndi chenjezo. Itanani makolo.

Lembani dzina la aliyense m'kaundula, ngakhale wa chala uja. Pakatha masabata awiri mudzaona yemwe amabwera nthawi ya masamu yokhayokha, yemwe ali kumwezi koma akusowa zovalira, ndi yemwe akuthawa omuvutitsa ku hostel. Oterewa muwatengere pambali, chitseko chotseka, ndipo musafulumire kulankhula.

Kaundula yemweyo mupite naye kwa ahedi. Muwapemphe zinthu ziwiri: ana aloledwe kuvala jekete kapena chipewa pamwamba pa yunifomu mpaka Julayi atatha, ndipo phala kapena tiyi azibwera asanalowe m'kalasi. Muwaonetse tsamba la Marichi, kenako la Juni, aziwerengere okha mayina.