Amalume a ku Joni akufuna kutumiza kanjinga ka matayala anayi: tivomere kati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa cha ku Makawa, m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Dzina sinditchula, koma anandilola kuyankhira pano poti makomo ambiri kuno ku Mangochi ali ndi m'bale ku Joni, ndipo funsoli lidzafika kwa enanso. Iwo anati:

"Achimwene anga ali ku Joni akufuna kumugulira mwana wanga wamwamuna kanjinga kamoto ka matayala anayi, kaja amati quad. Mwanayu ali ndi zaka 5, akwanitsa 6 mu Epulo. Anditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp: kena ka batire, kena ka Yamaha ka 50cc kogwirapo kale ntchito, ndi kena katsopano ka 110cc kopanda dzina lodziwika koma kotsika mtengo. Iwo akufuna ka 110cc, akuti mwana adzakula nako. Pakhomo pathu pali bwalo lalikulu la mchenga, nyanja siili patali. Tisankhe kati?"

Mayi, ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Ka 110cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) kasiyeni komweko ku Joni. Ka Yamaha n'kopangidwa bwino, koma si ka mwana wa zaka 5, ndipo ngakhale Epulo akadzakwana pali zoti muyambe mwaziona. Ngati amalumewo sangathe kudikira, atumize ka batire, kaja kapulasitiki ka 12V kamene liwiro lake silipitirira makilomita 8 pa ola.

Mawu oti "adzakula nako" tonse tinakula nawo. Yunifolomu ya Sitandade 1 ankatigulira yofika m'maondo, nsapato n'kuikamo mapepala kutsogolo kuti zisavuke. Palibe amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha shati yaikulu. Koma kanjinga aka si shati. Ka Yamaha ka ana, kamene amakatcha YFZ50, kamalemera pafupifupi makilogalamu 100 kakathiridwa mafuta. Amenewo ndi matumba awiri a chimanga. Mwana wanuyo sanafike n'komwe theka la thumba. Kakamugwera pachifuwa sangakachotse yekha, ndipo kumbukirani kuti kameneko ndi kakang'ono pa tiwiri ta petulo timene mwatumiziridwa.

Anthu ambiri amati poti kali ndi matayala anayi ndiye kuti sikagwa. Kamagwa, ndipo kamagwa moipa kuposa njinga ya kabaza, chifukwa njinga ya matayala awiri imangogona chammbali pomwe aka kamagubuduzika n'kumupsinja wokwerayo. Kanamangidwa kakatali kupita m'mwamba koma kopanikizika m'mbali. Matayala awiri akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, ndiye amazungulira pa liwiro limodzi ngakhale pakona, pamene lamkati limayenera kuchepetsa. Kuti kakhote bwino, wokwera amayenera kusuntha thupi lake kupita mkati mwa kona. Pachitunda amapendekera kutsogolo, potsika amabwerera kumbuyo. Ndiye kuti thupi la wokwera nalonso ndi chiwongolero. Mwana wopepuka pa kanjinga kakakulu ali ngati nkhuku yatera pa ngolo: asunthe asasunthe, ngolo sidziwa. Pa phula ndiye poipiratu, chifukwa matayala amagwira pansi m'malo moterereka pang'ono, kanjinga n'kutembenuzika. Inu muli m'mbali mwa M10, mmene mumadutsa maminibasi, akabaza ndi malole a nsomba. Tinjinga timeneti sitinapangidwire msewu, ngakhale kungodumpha kukagula mandasi tsidya linalo.

Ku America, kumene tinjingati n'tochuluka, anatigawa potengera zaka za wokwera, ndipo kanjinga kalikonse ka kampani yodziwika kamakhala ndi chomata chosonyeza gulu lake. Gulu lotsikitsitsa ndi Y-6+, la ana a zaka 6 kupita m'mwamba. Kotere kamachoka kufakitale katatsekeredwa kuti kasapitirire makilomita 16 pa ola, ndipo ngakhale mutatsegula sikadutsa 24. Kenako pali Y-10+ ndi Y-12+, timene timayambira pa 24 n'kutha kufika 48 tikatsegulidwa. Pansi pa zaka 6 palibe gulu lililonse la petulo. Kale ankawerengera kukula kwa injini: yosakwana 70cc ya ana a zaka 6 mpaka 11, ya 70cc mpaka 90cc ya ana a zaka 12 mpaka 15, ndipo yoposa pamenepo ya a zaka 16 kupita m'mwamba. Masiku ano makampani ngati Polaris ndi Yamaha ali ndi ta 110cc ta ana a zaka 10. Muwerengere mwakale kapena mwatsopano, mwana wanu safikapo. Ndiyeno ndikuuzeni ichi kuti musadzati ndinabisa: bungwe la madokotala a ana la kumeneko, American Academy of Pediatrics, limanena kuti mwana wosakwana zaka 16 asayendetse kanjinga kotere n'komwe, kaya kakang'ono bwanji. Iwowo ndi amene amalandira anawo akavulala, ndiye mawu awo sindiwapeputsa.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri sichinalembedwe pa chomata chilichonse. Amene anapanga malamulo amenewa ankaganiza za mwana mmodzi, kanjinga kamodzi, mpanda, ndi bambo ataima pambali. Kwathu kuno chinthu chikafika pakhomo si cha mwana mmodzi. Tsiku limene thiransipota adzatsitse katunduyo, dzuwa lisanalowe bwalo lanu lidzakhala litadzaza ana ochokera mpaka kumadoko. Aliyense adzafuna kukwera. Wamkulu wa zaka 12 adzati ndimatha ine, wazaka 3 adzamukhazika pa thanki, wina adzakakamira kumbuyo, chifukwa ndi zimene amaona akabaza akuchita tsiku ndi tsiku. Mpando wa kanjingaka ndi wautali, koma sanautalikitse kuti pakwere awiri. Anautalikitsa kuti wokwera mmodziyo azisuntha thupi. Wachiwiri akakwera, kutsogolo kumapepuka, ndipo pakachitunda kakang'ono kanjinga kamaima ndi matayala akumbuyo n'kugwa chagada.

Ndinazionapo ndi maso anga tchuthi china pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Ana atatu pa kanjinga kamodzi, wopanda ngakhale helemeti, makolo ali pa mthunzi akudya chambo. Anakhota pamene mchenga wouma umakumana ndi wonyowa, tayala limodzi linatitimira, onse pansi. Mwayi wake kanjinga kanagwera mbali ina. Kamtsikana kamene kanali kumbuyo kanapsa pa katumba ndi ekizozi, ndipo kulira kwake ndimakukumbukirabe. Nditafunsa, palibe mwa atatuwo amene anali mwini wake wa kanjingako.

Ndiye musanafunse kuti tigule kati, dzifunseni kuti kiyi azisunga ndani, ndipo muli ndi mtima wokaniza mwana wa neba, kapena wa apongozi, pamaso pa makolo ake? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, ndipo akavulalira pakhomo panu mlandunso ndi wanu. Ngati mukudziwa kuti masana mumakhala kumsika kapena kuntchito ndipo pakhomo pamatsala ana okhaokha ndi agogo, nkhani ya petulo ithere pompa.

Tsopano tinene kuti Epulo wakwana, mwanayo ali ndi zaka 6, ndipo inu ndi bambo ake mwagwirizana kuti ka 50cc kabwere. Zaka pazokha sizikwanira. Kodi amatha kupalasa njinga yakapalasa, kukhota ndi kugwira mabuleki osachita kuponda pansi? Kodi mukamuuza kuti "ima" amaima pomwepo, kapena amayamba waseka? Mwana amene samva akaitanidwa ali wapansi sadzamva ali pa injini. Kenako muyeseni pa kanjingako injini ili yozimitsa. Akaimirira pa mopondera, pakati pa iye ndi mpando patsale mpata wa masentimita 8 kapena kuposerapo. Akakhala pansi, mapazi onse afike bwino popanda kunyang'ama, zigongono zikhale zopindika pang'ono, ndipo athe kukhotetsa mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri chala chachikulu chisanachoke pa kachitsulo kowonjezera moto. Zala zake zifike pa buleki ndipo akhale ndi mphamvu zoikoka. Chimodzi chikalephereka, dikirani chaka china.

Amalumewo muwapemphe ajambule kanjingako pafupi, osati chithunzi cha patali chooneka kukongola kwa penti. Muone chomata cha zaka. Muone kabawuti kochepetsera liwiro kamene kamakhala pa handulo yakumanja; kameneka mukakamanga, mwana ngakhale akanikize bwanji kanjinga kamangoyenda ngati munthu wapansi, ndipo ndi pamene ayenera kuyambira. Pa togwirapo kale ntchito kabawutika nthawi zambiri kamakhala katamasulidwa kapena kuchotsedwa. Muone chingwe chozimitsira injini, chimene munthu wamkulu amagwira akuyenda pambuyo, akakoka injini n'kuzima. Muone chotchingira tcheni, ndi mopondera motsekeka bwino moti phazi silingatsetserekere ku tayala. Tina topanda dzina timabwera ndi rimoti yozimitsira patali, ndipo ogulitsa amaitamandira kwambiri. Ndi yabwino ikamagwira, koma ndi kabatire kakang'ono kamene kali mkatimo, ndipo tsiku limene kadzathe sikadzakuuzani.

Pa tinjinga topanda dzina ndinene chilungamo: si tonse toipa, ndipo amakaniko athu a njinga zamoto pa Boma injini zotere amazidziwa. Chimene chimandivuta n'chakuti simudziwa amene anakapanga, liwiro lake lenileni, kapena kolowera buleki ikathyoka. Pa chinthu chonyamula mwana, ine ndingasankhe chakale cha dzina kusiyana ndi chatsopano chosadziwika kwawo.

Helemeti ibwere limodzi ndi kanjinga, m'katoni imodzi. Ikhale ya njinga yamoto, ya saizi ya mwana, yotchinga ndi chibwano chomwe, yokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT kumbuyo, chosonyeza kuti ndi yovomerezeka pa chitetezo. Osati ya abambo ake imene ikugwedera m'mutu, osatinso kachipewa ka njinga yakapalasa. Pakhalenso magalasi otchinga mchenga, nsapato zotseka mpaka m'kakolo, buluku lalitali ndi malaya a manja aatali. Ndikudziwa kuti mu Okutobala kuno mwana sangapirire zovala zimenezi masana. Ndiye azikwera m'mawa kapena dzuwa likapepa. Kutentha si chifukwa chokwerera ndi mapatapata. Ndipo chilichonse cholendewera, mkanjo wochokera nawo ku madrasa, mpango, chitenje, chivulidwe kaye, chifukwa tcheni ndi chitsulo cha matayala akumbuyo zikachikola zimakoka ndi mwini wake yemwe.

Kanthu kena kamene ambiri amaphonya ndi mpweya wa m'matayala. Matayala a tinjingati amafuna mpweya wochepa kwambiri, kawirikawiri wosakwana 5 psi, pomwe galimoto imafuna cha m'ma 30. Mukapita nako kwa wopopa matayala m'mbali mwa msewu osamuuza, adzapopa mpaka tayala ligonge ngati la kabaza, kanjinga n'kumadumpha ngati mpira. Nambala yoyenera imalembedwa pa chomata, ndipo pamafunika kageji kake ka mpweya wochepa. Mchenga wathu nawonso umadya tcheni ndi kutseka fyuluta ya mpweya, ndiye zimenezi zizitsukidwa pafupipafupi. Petulo wa m'chigubu asagone m'nyumba mogona ana.

Kunyanja musapite nako. Kugombe kuli makoka oyanikidwa, zingwe za mabwato, mathandala a usipa, amayi akuchapa, tiana tikukwawa, ndipo pamene madzi amafika mchenga umasintha mwadzidzidzi. Kanjinga kakagubuduzikira m'madzi ofika m'maondo mwana ali pansi pake, madzi omwewo akwanira. Pabwalo panu pomwepo, pamalo osalala, mutaika miyala kapena zigubu zosonyeza malire, inu muli chiimire pafupi osati pakhonde.

Akadzagwa, poti kugwa adzagwa, yang'anani mutu ndi mimba. Akakomoka ngakhale pang'ono, akamasanza, akamangosinza, akamalankhula zosokonekera, kapena handulo ikamugunda pamimba n'kumadandaula kupweteka, thamangani naye kuchipatala cha Boma nthawi yomweyo, osadikira kuti tione mawa. Kuvulala kwamkati kumabisala maola angapo. Ndipo zikakhala zazikulu ulendo wake ndi wa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre, maola angapo pamsewu. Kutalika kwa ulendo umenewu nakonso kuwerengereni posankha.

Pa ka batire paja ndichenjeze chimodzi. Afunseni amalume mphamvu yake. Ka 6V kapena 12V ndi choseweretsa. Pa mchenga wofewa kazititimira ndipo batire izitha msanga, koma pabwalo lolimba mwana asangalala nako. Tilipo tina ta magetsi ta 36V kapena 48V tooneka ngati zidole koma tothamanga ngati ta petulo, mwakachetechete moti simungamve kuti mwana watuluka pageti. Kameneko mukaike gulu limodzi ndi ka 50cc.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Pa nkhani iyi mwambiwu sindiuvomera, komanso ndikuona kuti amene akulirira nyangayo si mwana ayi, ndi amalume. Munthu akakhala zaka ku Joni amafuna atumize chinthu chooneka, choti mudzi uone kuti sanapite pachabe, ndiye powakanira musawachititse manyazi. Auzeni kuti chaka chino atumize ka 12V, ndalama yotsalayo agule njinga yakapalasa yolimba ndi helemeti yake kuti mwanayo ayambe kuphunzira kukhota ndi kuima. Za ka Yamaha mudzakambirane iwo atabwera kutchuthi, adzamuyeze okha mwanayo pa mopondera.