Laisensi ya inshuwalansi ku Texas: yankho kwa achemwali a ku Dallas

Achemwali ena a ku Dallas andilembera imelo. Amagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, ndiye mnzawo wa kutchalitchi wawakopa kuti atenge laisensi yogulitsa inshuwalansi ya moyo, ati pakangotha milungu iwiri ndalama zayamba kulowa. Akufunsa katengedwe kake, komanso ngati angagulitsire abale awo a ku Indiana.

Achemwali, mawu a milungu iwiriwo andiwawa, chifukwa inenso ndinalowera khomo lomwelo. Unali msonkhano wa Loweruka m'chipinda cha hotela, nyimbo zili pamwamba, bambo wina wa suti yonyezimira akutionetsa chithunzi cha cheke pa foni yake. Ambiri tinali ochokera ku Africa, a ku Nigeria, a ku Kenya, ife Amalawi owerengeka. Anatipatsa mapepala kuti tilembe aliyense amene timamudziwa: azakhali, a kwaya, amene timagwira nawo shifiti, ngakhale amene anatilandira pa eyapoti. Za mayeso ananenako pang'ono. Za zimene zimachitika kasitomala akasiya kulipira sanatchule n'komwe, pomwe mpamene pagona nkhani yonse.

Makampani ambiri a inshuwalansi ya moyo amakupatsiratu komishoni, kawirikawiri ya miyezi 9, munthu akangolipira mwezi woyamba. Ndalamayo ndi katapila wovala taye, chifukwa kasitomala akaleka kulipira mwezi wachitatu kampani imaitanitsa yotsalayo. Amati chargeback. Mukalephera kubweza, dzina lanu lingathe kukafika ku Vector One, kumene makampani amaona maejenti amene ali ndi ngongole, ndipo ena sakulandiraninso. Mayi wina amene tinayamba limodzi anagulitsa kwa kwaya yonse ya tchalitchi chawo mwezi umodzi, tinamuombera m'manja pa msonkhano. Koma anthu akwathu mumawadziwa, kukana pamaso zimativuta. Anasaina chifukwa cha manyazi. Itafika Januwale, mafoni ofuna fizi atayamba kulira kuchokera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, a kwaya aja anayamba kusiya kulipira mmodzimmodzi mwakachetechete. Mayiyo anabwerera ku mashifiti awiri kuti abweze ngongole, ndipo kutchalitchi kuja anasamukako chifukwa moni unali utavuta. Bambo wa suti uja sanataye kalikonse kooneka, anali akulemba kale gulu lina.

Ndiye ine ndinene mosapsatira: aliyense amene akukufulumizitsani kutenga laisensi asanakuuzeni za chargeback, akufuna mndandanda wa abale anu. Ndinkanena kale kuti ena mwa iwo amangokhala osadziwa. Pano ndinasiya kuwakhululukira, amadziwa bwinobwino.

Musandimve molakwa, ntchitoyi ndimaikonda ndipo ndikuigwirabe. Aliyense amene ali pa magulu athu a WhatsApp amadziwa zimene zimachitika Mmalawi akamwalira kuno. Chithunzi, nambala ya Zelle yotumizirapo ndalama, mndandanda wa amene asonkha, kenako kukumbutsana tsiku ndi tsiku kuti ndalama zotumizira thupi kumudzi sizinakwane. Amasonkha ndi omwewo nthawi zonse, ena atopa ngakhale sanena. Munthu wa thanzi lake, wa zaka za m'ma 30, angapeze inshuwalansi ya term, ya moyo koma ya zaka zowerengeka, pa mtengo umene sungamugwetse. Timafunikadi anthu olankhula chinenero chathu oti afotokoze zimenezi pa tebulo la kukhitchini, osati pa maliro. Koma wofotokozayo akhale woti adzakhalapobe zaka zisanu zikubwerazi.

Za ku Indiana zija. Kwathu inshuwalansi yonse imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndiye timabwera kuno ndi maganizo oti chiphaso chimodzi chikwanira dziko lonse. Kuno sizili choncho. Lamulo la McCarran-Ferguson la 1945 linasiya nkhani za inshuwalansi m'manja mwa chigawo chilichonse, motero laisensi ya Texas ndi ya ku Texas basi. Kuti mugulitsire asuweni anu a ku South Bend mufunika laisensi ya non-resident ya Indiana, imene amapatsa okhala kunja kwa chigawocho. Mumafunsira pa webusaiti ya NIPR, kaundula wa maejenti a inshuwalansi wa dziko lonse, mumalipira, ndipo ngati yanu ya Texas ili bwino simulembanso mayeso. Wina akakuuzani kuti "ingolankhulani nawo, fomuyo tilemba pa nambala yanga", kanani. Ameneyo akusaina kuti wagulitsa chinthu chimene sanagulitse, inu mwagulitsa kumene mulibe chilolezo, ndipo tsiku limene padzabuke dandaulo nonse mudzayankha. Chimodzimodzi kulipirira kasitomala mwezi woyamba kuti inshuwalansi yake iyambe, kapena kulemba kuti sasuta fodya pomwe mukudziwa kuti amasuta. Malaisensi ambiri amapita chifukwa cha tinthu ngati timeneti, tochitidwa mokomerana mtima.

Katengedwe kake

Choyamba onani mapepala anu. Muyenera kukhala ndi zaka 18 komanso chilolezo chogwirira ntchito mu America. Amene ali pa viza ya sukulu ya F-1 asanamizidwe kuti komishoni si malipiro, ndi ntchito ndithu. Ku Texas laisensi imaperekedwa ndi Texas Department of Insurance. Sakakamiza kulowa kalasi musanalembe mayeso a laisensi yokhazikika, koma gulani kosi ndithu, chifukwa mafunso a malamulo a Texas ndi amene amagwetsa anthu. Mayeso mumakalembera ku kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE, pa kompyuta, ndipo muyenera kupeza 70. Kenako zidindo za zala ku kampani ya IdentoGO, fomu pa webusaiti ya Sircon kapena NIPR, ndi madola 50. Mafunso a milandu yakale yankhani zoona, chifukwa zala zanu zikanena zina fomu ikunena zina, kubisako kumakhala mlandu woposa umene mumabisawo. Amene anapezeka ndi mlandu waukulu wa chinyengo amafunika chilolezo chapadera cholembedwa, chimene amachitcha 1033. Laisensi ikatuluka simunathebe, kampani iliyonse imene mukufuna kuigulitsira iyenera kukulembetsani ngati ejenti wake, ndipo ambiri amafuna mukhale ndi inshuwalansi yanuyanu ya E&O yokutetezani mukalakwitsa pa ntchito.

Kuisunga ndiye kumene anthu amagona. Zaka ziwiri zilizonse, pakutha pa mwezi umene munabadwa, laisensi imafuna kukonzedwanso, ndipo muyenera kukhala mutachita maola 24 a maphunziro oonjezera, atatu mwa iwo a khalidwe pa ntchito. Ola lililonse loperewera ku Texas ndi chindapusa cha madola 50. Mukasamuka nyumba adziwitseni pasanathe masiku 30, pakuti makalata awo akapita ku apatimenti yakale sadzamva zoti simunalandire. Ya Texas ikafa, ya Indiana ija imagwa nayo, chifukwa yatsamira pa iyo. Mukadzafuna kugulitsa za Medicare, inshuwalansi ya chipatala ya boma yothandiza makamaka okalamba, pali mayeso ena chaka ndi chaka, ambiri amalemba a bungwe la AHIP, nyengo yolembetsa anthu isanayambe pa 15 Okutobala.

Shifiti yanu ya usiku musaisiye msanga, achemwali. Ndipo mnzanu wa kutchalitchiyo mumufunse, makamaka pa meseji kuti yankho likhale lolembedwa: mukadzafuna kuchoka m'gulu lawo, makasitomala anu adzakhala a ndani, ndipo kalata yokumasulani kuti mukagwire ndi ena adzakupatsani pakapita nthawi yaitali bwanji?